Bokosi Limene Silinkafika Kumanda

Kalekale, koma osati kale loti onse amene anaziona anatha kufa, m'tauni ina ya paboma munali ana atatu ogona m'makonde a eni. Ena pofotokoza nkhaniyi amati linali gulu lalikulu, amawapatsa mipeni ndi mtsogoleri woopsa. Kumeneko n'kukometsera chabe. Anali atatu, sanali apachibale, ndipo katundu wawo yense anali saka limodzi lofunda.

Wamkulu anali Jafali, mnyamata wapakamwa, wa mawu okoma poimba. Wamng'ono anali Zakeyu. Dzinali anamupatsa ndi anzake poona msinkhu wake ndi luso lake lokwera mitengo. Pakati pawo panali mtsikana, Elube, wa zaka ngati khumi ndi ziwiri, amene ankatha tsiku lonse osatsegula pakamwa. Iyeyu anabwera m'taunimo kuchokera kutali, akudwazika mayi ake pachipatala. Mayiwo anamwalira iye atapita kukatunga madzi. Pobwera anapeza bedi layalulidwa, ndipo kumochale anamubweza kuti kumeneko sikulowa ana. Abale sanabwere. Mtembo anakaika akaidi, monga zimakhalira ndi maliro opanda mwini, ndipo Elube sanachokenso pafupi ndi mpanda wa chipatalacho.

Ana amenewa ankadya za pamaliro. Pasiwa sathamangitsa munthu, safunsanso kuti ndiwe mwana wa yani. Choncho m'mawa uliwonse ankakhala pageti la kuseri kwa chipatala, kumene kumatulukira mitembo. Lole ikatuluka itamangidwa masamba aawisi kutsogolo ndi kumbuyo, iwo ankakwera kapena kuilondola wapansi. Kumaliroko Elube ankatunga madzi ndi kutsuka mbale, Zakeyu ankanyamula mabenchi, Jafali ankalowa m'kwaya ya mpingo uliwonse, pakuti nyimbo za maliro ankazidziwa zonse. Adzukulu akatha kudya, nawonso ankalandira mbale yawo. Tsiku lopanda maliro linali tsiku la njala, ndipo Elube ankachita manyazi akaupeza mtima wake ukudikira kuti wina afe.

Munthu mmodzi yekha m'tauni monsemo ndiye ankawadziwa mayina: mayi Nangondo, amene ankagwira ntchito m'chipinda chosungira mankhwala pachipatalapo. Amuna awo anamwalira, ana awonso anapita ali aang'ono, ndipo ankakhala okha m'kanyumba ka chipatala. Sanali munthu wansangala. Ankakalipa akapeza matope pakhonde, ankakalipanso mpopi ukasiyidwa ukudontha. Koma nyengo ya mvula ankawalola anawo kugona pakhondepo, ndipo m'mawa potuluka ankaima n'kufunsa kuti, "Iwe Elube, tsitsi limeneli linaona chipeso liti?" Funso limenelo Elube ankalidikira.

Chaka chimenecho mankhwala anayamba kusowa. Odwala ankauzidwa kuti akagule okha, ndipo pokagula ankapeza mankhwala omwewo, a chidindo cha boma, m'magolosale ndi m'misika. Anthu atayamba kung'ung'udza, panafunika munthu woti asenze mlandu. A Chabwera, bwana woyang'anira katundu yense wa chipatala, anauza apolisi kuti kiyi wa chipindacho amasunga ndi mayi Nangondo. Sananene kuti kiyi wina ali m'thumba mwawo. Apolisi anabwera m'mawa mayiwo akusesa pabwalo, nawatenga, tsache n'kutsala pomwepo. Pakanyumba anakhomapo loko, ndipo mlonda anauzidwa kuti asaonenso mwana pakhondepo.

Anawo anazungulira kuseri kwa polisi, kumene kunali kazenera ka chitokosi cha amayi. Zakeyu anakwera pamapewa pa Jafali n'kuitana.

"Ndani ameneyo?" anafunsa mayi Nangondo m'katimo.

"Ndife, mayi."

"Mwabwera kudzatani? Chokani, angakutsekereni nanunso."

"Koma munabadi?" anafunsa Jafali ali pansi.

"Iwe, ndikanakhala wakuba, bwenzi mukugona pakhonde lodontha? Mlandu ukupita kukhoti, ndipo mboni ndi eni ake akubawo. Ndikakalowa, ndalowa. Elube ali pomwepo?"

"Alipo."

"Muuzeni asamayende yekha kumene kumaima malole."

Elube anamva mawuwo atatsamira khoma. Anadziwa kuti mayiwa akapita kundende, sipadzakhalanso khomo m'tauniyo limene munthu angatulukepo n'kumutchula dzina.

Tsopano tamvani zimene aliyense wa atatuwa anachita.

Jafali ndiye anaona. Panali maliro ena amene ankamudabwitsa kuyambira kale. Lole yake inali yobiriwira, okhuza ake anali amuna okhaokha kupatula amayi awiri ofunda zitenje kumutu, ndipo anawo atayesa kukwera, anawakankhira pansi. "Maliro othamangitsa anthu ndi maliro anji?" anatero Jafali tsiku limenelo, koma anangoganiza kuti mwina olemera amalira motero. Mayi Nangondo atamangidwa, lole ija inatulukanso, ndipo iye anayang'anitsitsa bokosi. Chogwirira chake chimodzi chinali chomanga ndi waya. Anakumbukira kuti chogwirira chomwecho anachiona ulendo watha, ndi ulendo winawo.

"Bokosi limalowa m'manda kamodzi," anauza anzake. "Nanga ili likubwerera bwanji? Kapena malemu ake amakakana kumeneko?"

Ulendo wotsatira anadikira kuti lole ifike pamene pali anthu ambiri, nalumphiramo akuimba kale nyimbo ya maliro mokweza. Amunawo sakanamugwetsa anthu akuona. Palodibuloko apolisi anavula zipewa n'kukweza chitsulo osafunsa kanthu, pakuti ndani angatsegule bokosi la maliro pamsewu? Atangodutsa, amayi awiri aja anasiya kulira n'kuyamba kusenda nzimbe, ndipo mwamuna wina anamukankha Jafali ndi phazi mpaka kugwera m'fumbi. Iye sanabwerere. Analondola mapazi a matayala mumsewu wa dothi mpaka panyumba ina ya mpanda wautali kunja kwa tauni. Atakwera pachulu n'kusuzumira, anaona bokosi litatsegulidwa, anthu akutulutsamo makatoni a mankhwala. Galu ndi amene anamuulula. Amuna aja anamugwira n'kumumenya ndi thabwa.

Anafika kwa anzake mawa lake, akuyenda chopendekeka, magazi atauma m'khutu lakumanzere. Khutulo silinamvenso, ndipo kuyambira pamenepo akati aimbe, mawu ankamuthawa n'kulowera kwina. Ali chomwecho anapita kupolisi kukanena. Wapolisi amene anamupeza anamufunsa kuti wasuta chiyani, kenako anatuluka panja kukaimba foni. Pofika masana, anthu achilendo anali akufunsa mumsika za mnyamata woimba pamaliro. Anawo anakabisala m'minibasi yakufa kuseri kwa galaja ina.

Zakeyu ndiye anadziwa tsiku. A Chabwera anali munthu wodziwa kuti mwana wanjala sagwidwa ndi ndodo. Anamupeza Zakeyu pamalo okazingira tchipisi, akuyang'ana odya.

"Mphwanga, wadya?"

"Ayi, bwana."

"Tamuthirirani, muikemo ndi dzira." Anadikira kuti adye pang'ono. "Mnzako woimba uja ali kuti? Ndamva kuti wavulala, ndikufuna ndimuthandize."

"Sindikudziwa, bwana. Amasinthasintha pogona."

"Palibe kanthu. Kwathu kukusowa wodyetsa nkhuku. Ukamagona pabwino, mwina udzakumbukira."

Zakeyu anapita. Ena amati anapita dala ngati kazitape. Iye mwini sananenepo zimenezo, ndipo sitiyenera kumuikira m'kamwa. Anali mwana amene anali asanagonepo pamatiresi. Mkazi wa a Chabwera, amene za bokosi sankazidziwa, anamukondadi. Anamupatsa sopo, bulangeti ndi nsapato, namuuza kuti sukulu ikatsegulira adzamulembetsa. Chimene tikudziwa n'chakuti tsiku lililonse bwanayo akamufunsa za Jafali, Zakeyu ankatchula malo abodza: lero kuseri kwa chigayo, mawa kumsika wa nsomba.

Masiku amenewo ndiwo anali aatali kwa Elube. "Wagulidwa ndi tchipisi, kamfupi kaja," ankatero Jafali, kenako n'kugonera khutu lake labwino, moti ngakhale Elube akanafuna kulankhula, panalibe womumva. Chakudya ankakafuna yekha. Saka lija tsopano linkawakwanira, koma iye sankapeza tulo. Tsiku lina anaona galimoto ya a Chabwera itaima pamphambano, Zakeyu ali kumbuyo atavala malaya atsopano. Maso awo anakumana. Zakeyu anayang'ana kumbali. Elube sanamuuze Jafali zimenezi.

Kunyumba kwa bwanayo kunali mtengo wa mango, ndipo poona kuti mwanayo ndi katswiri pokwera, anamupatsa ntchito yodula nthambi. Masana ena anamuuza kuti, "Mawa kuli maliro, dula masamba." Ali mumtengomo anamva dalaivala wa lole akudandaula pansi kuti mlatho wa njira yawo wakokoloka, ndiye mawa adzadutsa pakati pa msika, tsiku la msika lenileni. Zakeyu anadula masambawo n'kuwaunjika bwinobwino. Anapinda bulangeti, nasiya nsapato pakhomo kuti asadzati waba. Kenako anakweranso mtengo n'kudutsira pamwamba pa mpanda. Ali pamwambapo anamva mayi wa nyumbayo akuitana kukhitchini kuti, "Zakeyu, tabwera udzadye!" Anakhala pamenepo kanthawi. Kenako analumphira kunja.

"Akutuma?" anafunsa Jafali atamuona pakhomo la minibasi.

"Taona mapazi angawa. Otumidwa amayenda chonchi?"

Anafotokoza zonse. Koma kudziwa tsiku n'kwina, kuimitsa lole n'kwina. Jafali anati atchere misomali mumsewu. Zakeyu anati angosintha tayala n'kumapita. Kenako iye yemweyo anati akauze abusa. Jafali anati abusa adzayamba afunsa kuti ndife a mpingo uti. Za apolisi panalibe anazitchula. Anakangana mpaka kutopa, ndipo ndi pamene Elube analankhula.

"Alipo munthu amene sangamukanize kutsegula bokosi."

"Ndani?"

"Mwana wa malemu amene sanaone nkhope."

Elube ndiye anaimitsa lole. M'mawa mwake msika unadzaza, ndipo dzuwa litakwera pang'ono lole yobiriwira inatulukira, masamba a mango akugwedezeka kutsogolo. Inayenda pang'onopang'ono chifukwa cha unyinji. Anthu anapatuka, abambo anavula zipewa, ogulitsa anatsitsa mawailesi, ndipo amayi awiri aja anayamba kulira kwawo kwa ganyu. Elube anali ataima pafupi ndi mabenchi a tomato. Ankadziwa zimene akuluakulu amanena, kuti wolira maliro abodza amaitana enieni. Anaganiza kuti kwa iye enieniwo anabwera kale, ndipo anathamanga n'kukadzigwetsa patsogolo pa tayala.

"Mayi anga ine! Mayi anga mukuwatengera kuti ndisanawaone? Mayo ine, mayi anga!"

Dalaivala anaponda mabuleki. Amuna awiri analumpha n'kumugwira mikono kuti amukokere kumbali, koma iye anakakamira chitsulo cha kutsogolo kwa lole. Mayi wina wamkulu thupi, wogulitsa matemba, anadzuka pamalonda ake akumangitsa chitenje.

"Tamusiyeni kaye. Mwanayu ndi wa malemu?"

"Ndi wamisala ameneyu, mayi."

"Ndiye wamisala alibe mayi ake?"

Anthu anayamba kuyandikira. Mayi uja anafunsanso kuti, "Nanga amene watisiyayu ndani?"

Amuna awiriwo anayankha pamodzi. Wina anati ndi malume awo, wina anati ndi azakhali. Pamsika panamveka kung'ung'udza ngati njuchi. Wapolisi anafika akuthamanga kuchokera kulodibuloko, nafuula kuti anthu alemekeze maliro ndi kupereka njira. Palibe anamutsutsa, koma palibenso anasuntha. Amayi ogulitsa anangoyamba kukhala pansi mumsewu mmodzimmodzi, monga amakhalira pasiwa, miyendo atatambasula. Anyamata a kabaza anaimika njinga zawo kumbuyo kwa lole. Bambo wina wachikulire, wosoka zovala pakhonde la sitolo, anayandikira chipewa chili m'manja.

"Pepani anamfedwa," anatero mofatsa. "Maliro n'kulirana. Tsegulani pang'ono, mwana aone nkhope, mupitirize ulendo. Ngati si mayi ake, adziwa yekha. Chavuta n'chiyani?"

Dalaivala anatsegula chitseko chake mwakachetechete n'kulowa m'gulu la anthu. Amayi awiri olira aja anatsika mbali ina, zitenje zili kumaso. Anyamata a kabaza anakwera, nanyamula Elube n'kumuimika pafupi ndi bokosi, ndipo wosoka uja ndi amene anakweza chivundikiro.

Munali makatoni, opanikizana bwino, aliyense ali ndi chidindo cha boma.

Msika wonse unangoti zii. Mawu amodzi okha ndiwo anapitirira, a Elube. Anayamba kulira monama, koma penapake pakati pa tayala ndi bokosilo bodza linamuthera. Pamene chivundikiro chinkakwezedwa, iye anasuzumiramo ngati munthu woyembekezeradi nkhope, ndipo ataona makatoni analira kulira kumene sanalire tsiku limene anapeza bedi layalulidwa. Anthu atayamba kufuula ndi kuthamangitsa akubawo, iye anali akadagwada m'lolemo yekha. Palibe anakumbuka kumutsitsa.

Maso amene anaona anali ochuluka kwambiri moti nkhaniyo sikanakwiririka. Kunabwera akuluakulu ochokera kulikulu. A Chabwera anamangidwa, ngakhale kuti sanachedwe kutuluka pabelo, ndipo mlandu wawo unayenda ngati nkhono. Sitinganene kuti kuba mankhwala kunatha m'dzikomo. Koma mlandu wa mayi Nangondo unathetsedwa, ndipo anatuluka m'chitokosi ataonda, akutsokomola.

Kwa anawo zinthu sizinakome. Anthu anawatama mlungu woyamba, kenako anayamba kuwaopa. Akafika pamaliro, wina ankanong'ona kuti, "Abwera otsegula mabokosi aja," ndipo adzukulu ankawaperekeza mwaulemu mpaka kumsewu. Za Elube amayi ankati mwana wolira mayi wabodza pamsewu ndi wamalodza, asakhudze mbale za anamfedwa. Njira imodzi yokha imene ankadyera inatsekeka. Ndipo anthu a bwana uja, amene ambiri sanagwidwe, ankawadziwa nkhope onse atatu.

Mayi Nangondo nawonso sanapeze malo awo. Amene ankadya ndi a Chabwera anali akadali m'maofesi momwemo, ndipo mayiwo akalowa, nkhani zinkatha. M'mawa wina anapeza mazenera a kanyumba kawo ataswedwa. Anaona kuti akakakamira adzafera pamenepo, choncho anasiya ntchito, ndipo nyumba ya chipatala inayenera kubwezedwa. Kopita kunali kumodzi, kumudzi kwa mlongo wawo, kutali kumalire a dziko. Mlongoyo anabwera kudzawatenga. Anali munthu wabwino mtima koma wa ana ambiri, ndipo chaka chimenecho mvula inadula chimanga chisanakhwime.

"Achimwene, ana awa ndi amene ananditulutsa," anatero mayi Nangondo. "Ndikufuna ndipite nawo."

"Onse atatu?"

"Onse."

"Mlongo, nkhokwe yanga ndikuidziwa ndine. Inuyo ndakulandirani. Mwana mmodzi ndingathe kuwauza alamu anu kuti tipirire. Koma atatu, ndiye kuti tikawasamutsa panjala ya kuno n'kukawaika panjala ya kwathu, pamodzi ndi anga omwe."

"Awiri basi, achimwene."

"Mmodzi. Ndikanakhala nacho sindikanakumanani."

Mayiwo anayesa kumpingo, anayesanso kuofesi yoona za ana. Konseko anawalandira bwino n'kuwauza kuti adzaona. Timati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma mwambiwo sunena kuti ukakhala ndi mkeka umodzi, ana a anzako atatu uwagoneke pati.

Tsiku la ulendo linafika. Katundu anamangidwa, ndipo galimoto ya matola inaima kutsogolo kwa kanyumbako. Mayi Nangondo anaitana anawo n'kuwakhazika pakhonde. Sanazungulire. Anawauza zimene mlongo wawo wanena, ndipo anati, "Ine ndalephera kusankha. Ndayesa, mutu wakana. Nenani inu."

Jafali anatembenuza mutu kuti khutu labwino liloze kwa mayiwo.

"Mayi, ine sindikufuna kudzitama. Koma popanda ine, ndani akanadziwa za m'bokosimo? Awa bwenzi akulivulira chipewa mpaka lero. Khutu langa linatsala kumeneko, nyimbo zanga zinatsala kumeneko. Ndipo amene anandimenya aja akuyenda mumsika muno."

"Iwe ndiwe wamkulu," anatero Zakeyu. "Ukhoza kusenza katundu kudepoti."

"Ndisenze bwanji, galimoto ikaliza hutala kumanzere sindikumva?"

"Ine nyumba ndinali nayo kale," anatero Zakeyu. "Ndinali ndi bedi. Anati andilembetsa sukulu. Palibe anandithamangitsa, ndinachoka ndekha. Ukanadziwa za bokosi, inde, koma ukanalidikira njira iti, tsiku liti?"

"Unachoka utakhuta."

"Koma ndinachoka!"

"Basi, basi," anatero mayi Nangondo. "Nanga iwe, Elube?"

Elube anali atakhala kumapeto kwa khonde, atakumbatira maondo. Ankafuna kukwera galimotoyo kuposa china chilichonse chimene anafunapo. Akanatha kunena kuti kudziwa kwa Jafali ndi tsiku la Zakeyu zikanangothera m'minibasi yakufa pakanapanda wina kugona patsogolo pa tayala. Akanatha kunena kuti iye ndi mtsikana, ndipo akukula, ndipo amuna a kumalole ayamba kale kumuitana. Koma anaonanso kuti akakwera, adzayang'ana m'mbuyo n'kuona awiriwo ataima pamsewu, wina wosamva, wina wosafika n'komwe pachiuno pa munthu wamkulu. Ndipo akatsala, adzakhala iye woima pamsewupo.

"Ine ndinangolira, mayi," anatero.

"Kulira kumeneko ndi kumene kunatsegula chitseko changa."

"Nanga khutu langa?" anatero Jafali.

"Nalonso."

"Nanga ine?"

"Nawenso, mwana wanga. N'chifukwa chake ndakhala pano ngati chitsiru."

Dalaivala wa matola analiza hutala. Mlongo wawo anayandikira n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mlongo, dzuwa likupita, ndipo njira ndi yaitali." Mayi Nangondo anaimirira, nayang'ana ana atatuwo. Kumbuyo kwa galimoto, pakati pa mtolo wa ziwiya ndi matiresi opinda, kunatsala malo a mwana mmodzi.

Nkhaniyi ife tiilekeza pamenepa, mayiwo ali chiimire. Mmodzi anaona chobisika, n'kulipira ndi khutu lake ndi nyimbo zake. Wina anali atapeza kale pogona ndi womuitana kudzadya, n'kuzisiya yekha. Winayo anagona patsogolo pa tayala, nalira maliro amene anamusandutsa wamalodza, ndipo pofunsidwa sanadzinenerere. Pakanasowa mmodzi mwa iwo, mayi Nangondo bwenzi ali kundende. Ndiye inu amene mwamva, musathamangire kuyankha, ndipo musati onse, chifukwa malo ndi amodzi. Mukanakhala mayi Nangondo, mukanagwira dzanja la yani, ndipo awiri otsalawo mukanawauza chiyani?